Oyez: tsamba lomvetserapo milandu ya maukwati a amuna kapena akazi okhaokha ku America

Khoti la Supreme la ku United States silola makamera m'chipinda chozengera milandu, koma kuyambira mu October 1955 lakhala likujambula mawu a zonse zimene oweruza ndi maloya amakambirana pa tsiku lomva mlandu. Tsamba la pa intaneti lotchedwa Oyez ndi limene linasonkhanitsa mawu amenewa n'kuwasanja mlandu ndi mlandu, kotero kuti aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kuwamvetsera kwaulere, popanda kulembetsa dzina. Ntchitoyi anaiyambitsa ndi Jerry Goldman, yemwe ankaphunzitsa za ndale pa yunivesite ya Northwestern, ndipo masiku ano ili m'manja mwa Legal Information Institute ya ku yunivesite ya Cornell, kampani ya Justia ndi sukulu ya zamalamulo ya Chicago-Kent. Tsambali ndaliyeza pa nkhani imodzi yokha, ya milandu yofuna kuti boma livomereze maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, chifukwa ndi nkhani imene ambiri timaikamba mitima ili m'mwamba tisanamve n'komwe zimene zinanenedwa m'khotimo.

Tsambali limachita bwino kwambiri chinthu chimodzi, chomwe ndi kumulowetsa munthu m'chipinda cha khoti kuti adzimvere yekha mmene mbali zonse ziwiri zinapanikizidwira ndi mafunso. Koma ndi loperewera kwa amene akufuna kudziwa mmene mkanganowu unayambira ndi mmene unayendera kwa zaka zoposa 40 usanafike pa chigamulo cha mu 2015. Wophunzira zamalamulo, mtolankhani, mbusa kapena wina aliyense wofuna kuyankhulapo pa nkhaniyi apindula nalo, bola adziwiretu pamene likulekezera.

Mlandu uliwonse uli ndi tsamba lakelake, ndipo masanjidwe ake ndi amodzimodzi paliponse, choncho munthu akazolowera sasochera. Pamwamba pamakhala mayina a mbali ziwirizo, khoti limene mlanduwo wachokera, tsiku limene unamvedwa, tsiku la chigamulo ndi mayina a maloya amene anaima. Kenako pamabwera ndime zazifupi zofotokoza zimene zinachitika, funso limene khoti linayenera kuyankha, ndi yankho lake. Palinso zithunzi za oweruza zoonetsa amene anagwirizana ndi chigamulo ndi amene anachitsutsa, komanso polowera kupita ku chigamulo chonse monga chinalembedwera. Chokoma koposa ndi chomvetsera mawu, chifukwa mawuwo amayendera limodzi ndi zolembedwa zake: loya akamayankhula, ndime imene akunenayo imaoneka pamodzi ndi dzina lake, ndipo woweruza akamudula pakamwa mumadziwa nthawi yomweyo kuti ndi ndani. Mukadina ndime ina iliyonse, mawu amalumphira pomwepo. Kwa ife amene Chingelezi cha ku America chothamanga chimatidutsa m'makutu, kumvetsera uku tikuwerenga ndi kumene kumachititsa kuti tsambali likhale lothandiza, ndipo poti palibe kanema, bandulo siitha msanga.

Milandu ikuluikulu pa nkhaniyi ndi itatu, ndipo woyamba kumvedwa unali wa Hollingsworth v. Perry pa 26 March 2013. Mu November 2008 anthu a ku California anavotera lamulo lotchedwa Proposition 8 lonena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi basi, ndipo mabanja awiri analitengera ku khoti. Loya Charles Cooper, amene ankateteza lamuloli, ananena kuti boma limalowerera pa ukwati chifukwa cha ana amene amabadwa mwamuna ndi mkazi akakhala pamodzi. Woweruza Elena Kagan anamufunsa ngati boma lingakane kupereka chikalata cha ukwati kwa mwamuna ndi mkazi amene onse apyola zaka 55, ndipo m'mawu ojambulidwawo mumamveka anthu akuseka pamene woweruzayo akumutsimikizira loyayo kuti m'banja lotere simuchokera ana ambiri. Koma mbali inayo nayonso siinapume. Woweruza Antonin Scalia anamuumiriza loya wa mabanjawo, Theodore Olson, kuti atchule chaka chimene kuletsa maukwati otere kunasanduka kuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo Olson, m'malo motchula chaka, anabweza funso lakuti nanga kuletsa azungu kukwatirana ndi anthu akuda kunasanduka liti kuphwanya malamulowo. Woweruza Samuel Alito anakumbutsa kuti maukwatiwa ndi atsopano kuposa mafoni a m'manja ndi intaneti, pamene Anthony Kennedy anatchula ana pafupifupi 40,000 a ku California amene ankaleredwa ndi makolo otere. Zonsezi simungazipeze m'ndime zachidule za pa tsambali. Zili m'mawu okha.

Mlandu womwewu umaonetsanso chofooka china cha masanjidwe a Oyez. Tsambali limalola kusanja zithunzi za oweruza motsatira ukulu wawo pa ntchito kapena motsatira kumene amatsamira pa maganizo, zimene zimamupatsa munthu chithunzi chakuti chigamulo chilichonse ndi mpikisano wa magulu awiri odziwika kale. Pa Perry sizinali choncho. Khoti silinayankhe n'komwe funso la ukwati, koma linagamula pa 26 June 2013, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, kuti amene anayambitsa Proposition 8 analibe mphamvu yochita apilo pamene akuluakulu a boma la California anakana kutero. Mkulu wa oweruza John Roberts anali mbali imodzi ndi Scalia, Ruth Bader Ginsburg, Stephen Breyer ndi Kagan, pamene Kennedy anatsutsa limodzi ndi Clarence Thomas, Alito ndi Sonia Sotomayor. Munthu wongoyang'ana zithunzi angaganize kuti Scalia anavomereza maukwatiwa ndipo Sotomayor anawakana, zimene si zoona ngakhale pang'ono. Zotsatira zake zinali zakuti chigamulo cha khoti laling'ono, chimene chinathetsa Proposition 8, chinakhalabe ndi mphamvu, ndipo maukwatiwo anayambiranso ku California.

Tsiku lotsatira, pa 27 March 2013, khoti linamva mlandu wa United States v. Windsor, womwe kwa ine ndi wosavuta kuutsatira mwa itatuyi chifukwa uli ndi ndalama zowerengeka pakati pake. Akazi awiri, Edith Windsor ndi Thea Spyer, anakhala limodzi zaka zoposa 40 ku New York, anakamangitsa ukwati ku Toronto mu 2007, ndipo Spyer atamwalira mu 2009 boma lalikulu linalipiritsa Windsor msonkho wa madola 363,053 pa chuma cha masiye, msonkho umene mkazi wamasiye wa mwamuna sakanalipira. Chifukwa chake chinali lamulo la mu 1996 lotchedwa Defense of Marriage Act, limene Pulezidenti Bill Clinton anasainira, lonena kuti pa malamulo onse a boma lalikulu, oposa 1,000, ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Womvetsera achenjere kuti gawo loyamba la mawuwa, lotenga nthawi yaitali ndithu, silikamba za ukwati. Boma la Barack Obama linali litasiya kuteteza lamuloli mu 2011, atsogoleri a nyumba ya malamulo n'kulemba ntchito loya Paul Clement kuti aliteteze, choncho oweruza anayamba ndi kufunsa ngati panalidi mkangano woti khoti liweruze pamene boma ndi wodandaula ankagwirizana. Gawo limeneli ndi lofunika kwa maloya, koma wina aliyense angalidumphe, ndipo apa ndi pamene kudina ndime kumathandiza.

M'gawo lachiwiri ndi mmene Ginsburg ananena kuti lamuloli likupanga maukwati a mitundu iwiri, wina wathunthu ndi wina wonga mkaka wochotsedwa mafuta, ndipo Kagan anawerengera Clement lipoti la nyumba ya malamulo la mu 1996 lonena poyera kuti cholinga china cha lamuloli chinali kusonyeza kuti aphungu sagwirizana ndi khalidweli. Clement sanakane kuti mawuwo alimo, koma anati khoti silithetsa lamulo chifukwa cha zolinga zolakwika za aphungu ena, ndipo anaumirira kuti boma lalikulu linali ndi ufulu wofuna tanthauzo limodzi la ukwati m'dziko lonse. Kennedy anada nkhawa ndi china: ukwati ku America umayendetsedwa ndi zigawo, nanga boma lalikulu likulowererapo bwanji? Chigamulo chinatuluka pa 26 June 2013, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, ndipo chinathetsa ndime yachitatu yokha ya lamulolo. Sichinakakamize chigawo chilichonse kumangitsa maukwatiwa, ndipo Scalia potsutsa ananeneratu kuti zimenezo zikubwera posachedwa.

Zinabweradi patatha zaka ziwiri, pa mlandu wa Obergefell v. Hodges, ndipo ngati munthu ali ndi nthawi yomvetsera mlandu umodzi wokha, ukhale umenewu. Unali milandu ingapo yophatikizidwa yochokera ku Ohio, Michigan, Kentucky ndi Tennessee. Jim Obergefell ndi John Arthur, yemwe ankadwala matenda opha ziwalo a ALS, anakwera ndege yonyamula odwala mu July 2013 kupita ku Maryland, kumene anamangitsa ukwati m'ndege momwemo itaima pa bwalo, ndipo Arthur atamwalira mu October chaka chomwecho, nkhani inali yakuti chigawo cha Ohio chilembe dzina la Obergefell pa chikalata cha imfa monga wamasiye kapena ayi. Ku Michigan kunali anamwino awiri, April DeBoer ndi Jayne Rowse, amene lamulo silinkawalola kutenga ana awo mogwirizana, kutanthauza kuti mmodzi akanamwalira, mnzakeyo sakanakhala kholo la ana onse pamaso pa lamulo. Khoti linamva mlanduwu pa 28 April 2015 kwa maola awiri ndi theka, ndipo Oyez inagawa mawuwo pawiri motsatira mafunso awiri amene khoti linafunsa: ngati chigawo chiyenera kupereka chikalata cha ukwati kwa anthu awiri otere, ndi ngati chiyenera kuvomereza ukwati wotere umene unamangidwa m'chigawo china.

Amene amaganiza kuti oweruza anali atamanga kale mfundo adzadabwa ndi mmene gawo loyamba likuyambira. Loya wa odandaula, Mary Bonauto, sanapite patali pamene Roberts anamuuza kuti anthu ake sakupempha kulowa m'ukwati monga ulili, koma akufuna kusintha chimene ukwati uli. Kennedy, yemweyo amene anadzalemba chigamulo chowakomera, anati mawu amene akumubwerera m'mutu ndi akuti zaka zikwizikwi, ndipo n'kovuta kuti khoti linene kuti likudziwa bwino kuposa mibadwo yonseyo. Anatchulanso anthu a ku Kalahari monga chitsanzo cha anthu amene anadzikhazikitsira ukwati wa mwamuna ndi mkazi popanda boma lowauza. Alito anafunsa chimene chingaletse anthu anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, kupempha chikalata chimodzi. Ginsburg ndiye anathandiza Bonauto pokumbutsa kuti ukwati unasintha kale pamene malamulo anasiya kuika mkazi pansi pa ulamuliro wa mwamuna. Bonauto atangomaliza, munthu wina anayamba kukuwa m'chipindamo motsutsa maukwatiwa mpaka anamutulutsa, ndipo phokoso lakelo limamveka m'mawu ojambulidwawo pamodzi ndi nthabwala ya Scalia yakuti kusokonezako kunawatsitsimulako pang'ono.

Loya wa Michigan, John Bursch, anaima pa mfundo ziwiri: kuti funso lenileni ndi lakuti ndani agamule, anthu ovota kapena oweruza, ndiponso kuti cholinga cha boma pa ukwati ndi kumangiriza ana kwa bambo ndi mayi owabala, osati kulemekeza chikondi cha akuluakulu. Mfundo yoyambayo inali yamphamvu, ndipo ngakhale Breyer, amene anadzavotera odandaula, anali atafunsa kale Bonauto chifukwa chake anthu 9 osasankhidwa ndi mavoti agamulire dziko lonse. Yachiwiriyo ndi imene inamugwetsa, malinga ndi mmene ndinamvera, chifukwa atanena kuti boma silikhudzidwa ndi zopatsa anthu ulemu, Kennedy anayankha modabwa kuti iye ankayesa kuti kupereka ulemu ndiye cholinga chenicheni cha ukwati. Kudabwa kumeneko kumamveka m'mawu, pomwe pa pepala sikuoneka. Roberts nayenso anaponya funso limene ambiri saliyembekezera kwa iye: ngati Sue akonda Joe, Tom nayenso akonda Joe, Sue n'kuloledwa kukwatiwa naye koma Tom ayi, kodi kumeneko si kusankha potengera kuti wina ndi mwamuna kapena mkazi? Ndipo kwa azipembedzo pali mphindi imene Alito anafunsa loya wa boma lalikulu, Donald Verrilli, ngati sukulu ya mpingo yokana maukwatiwa ingalandidwe mwayi wosalipira msonkho, Verrilli n'kuvomera kuti imeneyo idzakhaladi nkhani.

Gawo lachiwiri, la ola limodzi, ambiri amalisiya, koma m'menemo ndi mmene muli nkhani ya kuvomereza ukwati mwalamulo yeniyeniyo. Loya wina wa odandaula, Douglas Hallward-Driemeier, anafotokoza za mabanja amene anamangitsa ukwati movomerezeka m'chigawo china, n'kupezeka kuti ukwatiwo watha mphamvu atangosamukira kwina chifukwa cha ntchito. Joseph Whalen, woimira Tennessee, atafunsidwa kuti chigawo chake chinakana liti komaliza kuvomereza ukwati womangidwa kwina, anatchula 1970, pa nkhani ya bambo amene anakwatira mwana wopeza. Yankho limeneli linaonetsa kuti kukana kotereku kunali kosowa kwambiri. Oweruza anaonanso vuto la mbali inayo, lakuti ngati chigawo chilichonse chiyenera kuvomereza maukwati a kwina, ndiye kuti chigawo chimodzi chingathe kukhazikitsira dziko lonse lamulo.

Chimene chimaika Oyez patsogolo pa tsamba la khotilo lenileni ndi mawu a tsiku lolengeza chigamulo. Khoti limaika pa tsamba lake mawu a masiku omva milandu a zaka zaposachedwa, koma mawu a oweruza akuwerenga chidule cha zigamulo zawo amapita kosungira zinthu zakale za boma, ndipo Oyez imakawatenga kumeneko. Motero mungathe kumva Kennedy pa 26 June 2015 akufotokoza kuti ndime ya 14 yowonjezeredwa ku malamulo aakulu a dziko mu 1868, imene imateteza ufulu wa munthu ndi kufanana pamaso pa lamulo, ikukakamiza zigawo zonse kupereka zikalata ndi kuvomereza maukwatiwa. Kenako mungamve Roberts akuwerenga maganizo ake otsutsa, chinthu chimene anali asanachitepo chikhalireni pa mpandowo mu 2005, ndipo mfundo yake inali yakuti okondwera akondwere, koma malamulo aakulu a dziko sananene kanthu pa nkhaniyi. Kumva awiriwa motsatizana kumamuthandiza munthu kumvetsa chifukwa chake chigamulo cha oweruza 5 kutsutsana ndi 4 sichinathetse mkangano. Palinso mawu a mlandu wa Loving v. Virginia wa mu 1967, umene unathetsa malamulo oletsa maukwati a anthu osiyana khungu, ndi a Lawrence v. Texas wa mu 2003, umene unathetsa malamulo olanga amuna ogonana okhaokha. Iwiriyi ndi imene maloya ankaitchula mobwerezabwereza, ndipo mawu a mu 1967, ngakhale ndi akale, amamveka ndithu.

Vuto lalikulu la tsambali ndi lakuti limaona khoti la Supreme lokha, ndipo m'khotimo limalemera pa milandu imene inakambidwa pakamwa. Kugwiritsa ntchito Oyez yokha kuli ngati kufika pa bwalo la amfumu pamene mboni zonse zayankhula kale, n'kungomva nduna zikukambirana. Mkangano wa maukwatiwa unayamba mu 1970 pamene Jack Baker ndi Michael McConnell anakapempha chikalata ku Minnesota n'kukanizidwa, ndipo khoti la Supreme linataya apilo yawo mu 1972 ndi chiganizo chimodzi chokha, popanda kumva maloya, choncho palibe mawu oti mumvetsere ngakhale kuti chiganizo chimodzicho sichinafafanizidwe mpaka 2015. Chigamulo cha khoti lalikulu la ku Hawaii cha mu 1993, chimene chinadzidzimutsa aphungu mpaka kupanga lamulo la mu 1996, n'cha khoti la chigawo. N'chimodzimodzinso chigamulo cha Goodridge cha mu November 2003, chimene chinachititsa Massachusetts kukhala chigawo choyamba kumangitsa maukwatiwa pa 17 May 2004, ndipo amene anachilemba, Margaret Marshall, anabadwira ku South Africa kumene anatsogolerapo ophunzira otsutsa tsankho. Zonsezi muyenera kukazifuna kwina.

Kuperewera kumeneku kumaoneka kwambiri pa Perry. Umboni wonse wa mlanduwu unaperekedwa mu January 2010 pamaso pa woweruza Vaughn Walker ku San Francisco, kumene akatswiri a mbiri, a za maleredwe a ana ndi a zachuma anafunsidwa mafunso ndi mbali zonse, ndipo ndi chigamulo cha Walker cha mu August 2010 chimene chinatsala chili chilili khoti la Supreme litakana kulowa m'kati mwa nkhani. Womvetsera pa Oyez amangomva maloya akutchula umboniwo patalipatali. Sadziwanso kuti mu October 2014 khoti la Supreme linakana mwakachetechete kumva ma apilo a zigawo zisanu, zimene zinachititsa kuti maukwatiwa afalikire msanga, kotero kuti pofika tsiku la Obergefell anali ovomerezeka kale m'zigawo zoposa 30 mwa 50. Chimene chinakakamiza khoti kulowererapo chinali chigamulo cha khoti la apilo la ku Cincinnati cha mu November 2014, cholembedwa ndi woweruza Jeffrey Sutton, chimene chinasiyana ndi makhoti ena a apilo n'kuikira kumbuyo malamulo oletsa. Amene akufuna kumva mfundo za mbali yotsutsa zitayalidwa mwadongosolo ayenera kuwerenga Sutton, ndipo tsambali limangomutchula modutsa, ngati limutchula n'komwe.

Ndime zachidule nazonso zili ndi msampha wake. Zinalembedwa momveka bwino ndiponso mosakondera, ndipo zimathandiza kukumbuka mlandu umene unauwerenga kale, koma zolemba zonse za oweruza pa Obergefell ndi masamba oposa 100, ndipo oweruza anayi otsutsa analemba aliyense zake pa zifukwa zosiyana. Roberts anadandaula kuti khoti lalanda ntchito ya ovota, Scalia anati ndi chiopsezo ku ulamuliro wa anthu, Thomas anati ufulu umene malamulo aakulu amateteza ndi wakuti boma lisakusokoneze osati wakuti likupatse kanthu, ndipo Alito anada nkhawa kuti okhulupirira ukwati wa makolo adzayamba kutchedwa atsankho. M'chidule zonsezi zimapanikizidwa m'ziganizo zochepa. Wophunzira amene angalembe mayeso kapena nkhani ya m'nyuzipepala kuchokera pa chidule chokha adzanena zoona, koma zosakwanira, ndipo ndaonapo zolemba zimene zimati khoti linalamula mipingo kudalitsa maukwatiwa, pamene chigamulo chikukamba za maboma a zigawo ndipo chimanena poyera kuti azipembedzo ali ndi ufulu wopitiriza kuphunzitsa zimene amakhulupirira. Palibenso pofotokozera mawu ovuta a zamalamulo m'kati mwa zolembedwazo, ndipo zonse zili m'Chingelezi chokha, motero loya akatchula dzina la mlandu wakale kapena muyezo umene khoti limayezera malamulo atsankho, wosadziwa amangotsala m'mbuyo.

Kwa owerenga a kuno kwathu, phindu la tsambali lili pa kuphunzira kaganizidwe, osati pa kupeza lamulo lotimanga. Zigamulo za ku America zilibe mphamvu ku Malawi, ngakhale kuti ndime 11 ya malamulo aakulu a dziko lino imalola makhoti kuyang'anako zigamulo zofanana za maiko ena pomasulira malamulowo. Lamulo lathu la maukwati la mu 2015 limanena kuti ukwati ndi wa anthu awiri osiyana, mwamuna ndi mkazi, ndipo mu June 2024 oweruza atatu a High Court anakana kuthetsa ndime za malamulo a milandu zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha, kotero funso limene lili kuno ndi lofanana ndi la Lawrence, osati la Obergefell. Amene ali ku South Africa akukhala pansi pa lamulo lina, lochokera pa mlandu wa Fourie wa pa 1 December 2005, pamene woweruza Albie Sachs ndi anzake anapatsa nyumba ya malamulo chaka chimodzi kuti ikonze lamulo, ndipo Civil Union Act inayamba kugwira ntchito mu November 2006. Chigamulo chimenecho chimapezeka cholembedwa pa tsamba la zigamulo za makhoti lotchedwa SAFLII, ndipo kuchiwerenga mutamvetsera Obergefell kumaonetsa njira ziwiri zosiyana: khoti lina linabweza nkhani kwa aphungu ndi malire a nthawi, lina linagamula lokha nthawi yomweyo, chomwe ndi chimene Roberts ankadandaula nacho.

Pa zimene zinachitika pambuyo pa 2015, tsambali limathandiza pena, pena ayi. Mlandu wa Masterpiece Cakeshop wa mu 2018, wa wophika makeke wa ku Colorado amene anakana kupanga keke ya ukwati wa amuna awiri, ndi wa 303 Creative wa mu 2023, wa wopanga masamba a pa intaneti a maukwati, ilipo ndi mawu ake onse, ndipo ndi yabwino kwa ofuna kumva mmene ufulu wa chipembedzo ndi wa kuyankhula ukukankhanirana ndi malamulo oletsa tsankho. Koma lamulo la Respect for Marriage Act, limene Pulezidenti Joe Biden anasainira mu December 2022 pambuyo pakuti Thomas analemba pa mlandu wa Dobbs, wokhudza kuchotsa mimba, kuti Obergefell iyenera kuunikidwanso, ndi ntchito ya nyumba ya malamulo, choncho si la pa tsambali, ngakhale kuti ndi limene linafafaniziratu lamulo la mu 1996 n'kulamula kuti chigawo chilichonse chivomereze ukwati womangidwa movomerezeka m'chigawo china. Nkhani ya Kim Davis, yemwe anali mlembi wa boma la Rowan ku Kentucky ndipo anatsekeredwa masiku asanu mu September 2015 chifukwa chokana kupereka zikalata, inayenda m'makhoti aang'ono, ndipo khoti la Supreme linakana pempho lake mu November 2025 popanda kumva maloya.

Amene akuyamba kumene ayambe ndi gawo lachiwiri la Windsor, chifukwa nkhani yake ndi yogwirika, kenako apite ku magawo onse awiri a Obergefell ndi mawu olengeza chigamulo, ndipo Perry aisungire pomaliza, atawerenga kaye chigamulo cha Walker. Ndi bwino kumvetsera pa kompyuta kapena pa foni ya galasi lalikulu kuti zolembedwa zizioneka bwino, ndi kukhala ndi chigamulo chonse pafupi, chifukwa funso limene woweruza wafunsa pa tsiku lomva mlandu silisonyeza nthawi zonse kumene adzavotere: Roberts amene anafunsa za Sue ndi Tom anavotera zigawo, ndipo Kennedy amene anadandaula za zaka zikwizikwi anavotera odandaula.